Mose wa ku Anchorage

Mkamwini wanga atandichenjeza kuti ndikasamale ndi Mose panjira, ndinafunsa kuti Moseyo ndi mwana wa yani, ndipo ngati ndi Mmalawi mnzathu bwanji sanabwere kudzatipatsa moni chifikireni. Mnyamatayu ndi waulemu, sanaseke. Anangoyang'ana pansi n'kunena kuti, "Ayi bambo, si munthu. Ndi moose, nyama yakutchire." Amene anaseka mpaka kutaya tiyi ndi mayi a kunyumba kwanga, omwe Chingerezi chawo chinathera Sitandade 5.

Tinali ku Anchorage, mzinda waukulu wa ku Alaska, m'dziko la America, m'mwezi wa June, kukaona chidzukulu chathu choyamba. Mwana wathu wamkazi ndi namwino kumeneko. Mayi ntchito inawachulukira: kusambitsa khanda, kuliimbira, kudzudzula chilichonse chimene makolo ake achita. Ine ndinalibe chogwira. Dzuwa nalo silinkandichitira chifundo. Limalowa 11 koloko ya usiku itadutsa kale, ukati utsinzine pang'ono labweranso ngati munthu wodzalonjerera ngongole. Patatha milungu iwiri ndinapempha njinga.

Mkamwini anandionetsa chithunzi cha nyamayo pafoni. Nkhope ya bulu, ndevu za mbuzi, linunda la ng'ombe, miyendo ya Makanja wa gule. Munthu ungati Mlengi anaiumba madzulo a tsiku lomaliza ndi zidutswa zotsala pa nyama zina. Anati yamphongo imafika makilogalamu 700, ndipo ku Alaska nyamayi imavulaza anthu ambiri chaka chilichonse kuposa chimbalangondo.

Apa ndinamukumbutsa kuti akulankhula ndi yani. Ndaphunzitsa zaka 31 kufupi ndi Ulongwe, kumene njovu za m'nkhalango ya Liwonde zinkabwera usiku kudzakolola chimanga chathu, ife n'kumazipirikitsa ndi zitini ndi miuni. Mvuu za mu Shire ndimazidziwa. Za njinga ndiye asanene n'komwe: Humber yanga inkanyamula matumba awiri a chimanga ndi amayi ake a mkazi wake pamwamba. Ndinamaliza ndi mawu akuti nyama yodya masamba singandiopse. Mayi ali kukhitchini anafunsa kuti nanga njovu imadya chiyani, koma ndinachita ngati sindinamve.

Mnyamatayu anapirira n'kundipatsa malangizo awiri. Mukakumana ndi chimbalangondo musathawe; imani, kwezani manja, lankhulani nacho modekha, mubwerere pang'onopang'ono. Koma moose ikagoneka makutu kumbuyo, ubweya wapakhosi n'kuima, thawani mukabisale kuseri kwa mtengo. Nthawi yonseyi ine maso anali pa magiya a njinga yake, omwe anali ochuluka kuposa ana a m'kalasi ya Sitandade 8.

"Mwamva, bambo?"

"Ndamva."

Ndinali mphunzitsi, "ndamva" wotereyu ndimamudziwa. Ndi uja amanena mwana akuyang'ana mpira pawindo.

Anandiveka chipewa chonga chigoba cha kamba n'kundisiya pa Tony Knowles Coastal Trail, kanjira ka tala ka makilomita 18 kochoka m'tauni kutsata gombe mpaka ku Kincaid Park. Tala wosalala bwino, wopanda dzenje n'limodzi lomwe, koma woikira njinga ndi oyenda pansi basi. Mtima unandipweteka pang'ono. Pa Earthquake Park ndinatsika n'kuwerenga zikwangwani zonse za chivomezi cha 1964, chimene chinafika 9.2 n'kugumulira nyumba za anthu kunyanja. Pa Point Woronzof ndege yonyamuka pabwalo lapafupi inadutsa pamutu panga, ndinawerama, ndinayang'ana uku ndi uku ngati wina wandiona. Kenaka kanjira kanalowa m'nkhalango, ine mluzu uli pakamwa.

Ndikukhota pakona, balamanthu! Chinthu chili njo pakati pa tala, chikubudula masamba.

Chithunzi chapafoni chinandinamiza. Msana wa chinyamacho unali pamwamba pa chipewa changa. Koma nditaona kuti chilibe nyanga mtima unakhala pansi. Ndinati iyi ndi yaikazi, tigwirizana. Ndinaimba belu, ngiri ngiri. Sichinatembenuke. Ndinaimbanso. Ndiye ndinachita zimene aliyense amachita akapeza ng'ombe pamsewu wa ku Mangochi: ndinasendera pafupi n'kukuwa kuti, "Psiii! Tiye uko!"

Kumbuyo kwanga kunamveka tswa tswa. Kutembenuka, tiana tiwiri tofiirira, timiyendo tikunjenjemera, tatuluka m'tchire. Nyamazi zimaswa kumapeto kwa May ndi kuchiyambi kwa June, ndipo ine, ndi nzeru zanga zonse za zaka 31, ndinali nditaimika njinga pakati pa ntchembere ndi mapasa ake.

Makutu aja anagona. Ubweya wapakhosi unaima. Chinayamba kunyambita milomo. Mutu wanga unathamangira ku phunziro la m'mawa lija n'kubwerako ndi tsamba lolakwika. Ndinaima chilili, ndinakweza manja onse awiri ngati mlaliki, n'kunena modekha kuti, "Zikomo mayi, tingodutsa nawo." Nditakumbukira kuti ndi nyama ya ku America ndinabwereza m'Chingerezi, galamala yake yosalakwika.

Chinabwera.

Mawondo amene akhala akundiletsa kugwada m'tchalitchi kuyambira 2015 anachira pompo. Njinga uko, ine uku. Mtengo umene ndinaupeza unali wa makungwa oyera, amautcha birch, wonenepa ngati munsi. Mimba inatulukira mbali iyi, zotsalazo mbali inayo. Tinazungulirana kawiri. Bulu amaponda ndi miyendo yakumbuyo, koma ichi chimamenya ndi yakutsogolo, ndipo ziboda zinadutsa pafupi ndi khutu langa n'kusenda khungwa. Pofuna kuzinda ndinabwerera chambuyo, chidendene chinakodwa mu muzu, ndinakhala pansi thapsa pa chitsamba cha masamba aakulu onga a nsatsi.

Chitsambacho dzina lake ndi devil's club, chibonga cha Satana, ndipo amene anachitcha dzinali anakhalapo ngati ine. Minga ili pa thunthu, pa nthambi, ngakhale kunsi kwa masamba. Ndi yopyapyala, imathyokera m'thupi. Chitedze chimayabwa n'kukusiya, ichi chimapita nawe kunyumba. Ndinafuna kukuwa koma ndinaluma mlomo, poopa kukumbutsa mayi uja kuti ndikadalipo.

Iye anali atandiiwala kale. Anabwerera patala, n'kukaima chotangadza njinga ya mkamwini wanga, n'kupitiriza kudya. Tiana tija tinkanunkhiza chishalo. Foni yanga inali m'kachikwama ka pa njingayo, ndipo inayamba kulira nyimbo ya kwaya ya kwathu, mavesi onse. Inalira katatu. Ndinadziwa kuti ndi mayi a kunyumba, chifukwa palibenso wina amene amaimba foni mokalipa choncho.

Udzudzu wa ku Alaska ulibe malungo, ndipo ubwino wake ndi womwewo basi. Unandipeza nditagwira mtengo ndi manja awiri, wosatha kudzimenya, n'kuitana abale ake.

Chimene chinandidabwitsa ndi anthu. Anasonkhana mbali zonse ziwiri za kanjira, chapatali ndithu, okwera njinga, othamanga, wina atagwira galu wake zolimba chifukwa nyamayi ikaona galu imayesa mmbulu. Onse chete, akungojambula. Palibe wogenda mwala, palibe woimba chitini. Kwathu mudzi wonse ukanafika ndi mipini, ndipo wina akanayamba kale kufunsa za mtengo wa mwendo. Gogo wina wamkazi wovala kabudula, wamkulu kuposa ine, anandikola ndi dzanja kuti ndikhale pomwepo. Ngati kuti ndinali ndi ulendo.

Patatha pafupifupi ola, ntchembere ija inakhuta. Ponyamuka inaponda gudumu lakutsogolo, osati mwaukali, inangoponda ngati mmene munthu amapondera tsamba louma. Gudumu linasanduka nambala 8.

Mkamwini anadzanditenga pa Point Woronzof. Anayang'ana njinga, anayang'ana ine, anafunsa ngati ndavulala. Ndinati ayi. Atatsegula chitseko cha galimoto zinadziwika kuti kukhala pansi sikutheka. Ndinagwada pampando wakumbuyo, nkhope kuyang'ana kumene tikuchokera, ngati mbuzi yopita kumsika. Ulendo wonse mnyamatayo sanatulutse mawu, koma pagalasi ndinaona mapewa ake akugwedezeka.

Kunyumba kunabuka mlandu wa amene azule mingayo.

"Adadi, ine ndine namwino, ndimaona zimenezi tsiku lililonse."

"Ndiwe namwino wa anthu ena."

Mkamwini anatsokomola n'kunena kuti mwina iye angathandize. Ndinamuyang'ana mpaka anakumbukira kuti ali ndi zochita kugalaja. Ntchito inagwera mwini wake. Mayi anavala magalasi, anatenga tochi, singano ndi kopanira nsidze ka mwana wawo, anandigoneka chafufumimba, n'kuyamba kuwerenga mokweza kuti a kuseri kwa chitseko amve bwino.

"Khumi ndi zinayi. Paja munati nyama yodya chiyani?"

"Zulani mwakachetechete, mayi."

"Khumi ndi zisanu. Samvamkunkhu uja anamva nkhwangwa ili m'mutu, inu mwamvera kwina."

Anafika pa 43 n'kunena kuti zotsalazo zidzatuluka zokha zikapsa. Zinatulukadi, imodziimodzi, kwa milungu iwiri, ndipo chakudya ndinkadya choimirira ngati mlonda. Ndalama ya gudumu mkamwini anaikana. Analikoleka pakhoma m'galaja, akuti mdzukulu wanga adzalione akadzakula.

Ndinawapempha mayi kuti nkhaniyi ithere ku Alaska konko, ndipo anavomera ndi nkhope yachifundo kwambiri. Sindinadziwe kuti usiku womwe uja anali atatumiza kale uthenga wamawu wa mphindi zisanu ndi zinayi ku gulu la amayi a mvano pa WhatsApp. Lamlungu loyamba titabwerera kumudzi ndinalowa m'tchalitchi ndi jekete yanga yatsopano, ndinapita pa benchi ya akuluampingo, ndinapeza pamalo panga ataikapo pilo.