Lero tawerengana mitu pa puloti

Loweruka, ku Ndirande.

Bilu ya madzi inafika dzulo, ndiye m'mawa uno amayi eni puloti anatisonkhanitsa pansi pa mtengo wa mapeyala kuti tiwerengane. Kuno madzi timalipira potengera mitu, osati zitseko. Zitseko zilipo 9, mpopi umodzi, chimbudzi chimodzi. Cholembera anandipatsa ine, ati ndine wasukulu.

Tinapeza mitu 37, koma mkangano wake! Mayi wa nyumba yakumapeto anakana kuti khanda lake liwerengedwe poti silimwa madzi. Amayi anangomuloza matewera ali pachingwe mbee, nkhani n'kuthera pomwepo. Kenaka achimwene aulonda anati mphwawo ndi mlendo chabe.

"Mlendo wanji, achimwene? Mwana ameneyu anabwera kuchokera ku Phalombe nthawi ya namondwe wa Freddy, mu 2023. Mpaka lero akadali mlendo?"

Tonse tinaseka, mphwayo n'kulowa m'kaundula.

Polemba mayinawo ndinayamba kufunsanso kwawo kwa aliyense, mwachidwi changa chabe. Mabanja atatu ndi Alomwe a ku Thyolo ndi ku Mulanje, awiri ndi Ayao, lina la ku Chiradzulu lina la ku Mangochi. Pali Angoni a ku Ntcheu ogulitsa mbatatesi mumsika, ndi mnyamata wa ku Rumphi amene timamumva Chitumbuka pokhapokha akamayankhula pafoni ndi mayi ake. Wamkulu woti anene kuti kwawo ndi ku Ndirande sanapezeke. Ngakhale amayi, amene akhala pano zaka zoposa zanga zobadwa, amati akadzamwalira tikawaike kwawo. Koma ana ndiye ochuluka kuposa akuluakulu, ndipo pafupifupi onse anabadwira konkuno. Chilomwe sachidziwa, kumudzi amapitako pa maliro basi.

Masana ndinakwera kumtunda kukaona mnzanga amene wasamukira m'mbali mwa phiri. Ndirande amamveka m'miyendo. Ukachoka pa Chinseu, msewu umasanduka kanjira, kanjira n'kusanduka ngalande, nyumba zikungokwerabe. Kumtundako lendi njotsika, koma madzi ndi a m'zigubu, osenza pamutu. Phirilo latsala miyala ndi timinda ta chimanga. Amayi amati atangofika kumene linali nkhalango yoti munthu sungalowemo wekha.

Titakhala pamwala tinaona zonse pansi pathu: malata othithikana mpaka kumsika, mtsinje wa Nasolo ukutsetsereka ndi zinyalala zathu kukathira mu Mudi, mafakitale a ku Makata amene anakokera agogo athu kuno, ndi Nyambadwe wa mipanda ndi mitengo yake, kumene puloti yonga yathuyi imakhala ya banja limodzi ndi galu. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 800,264 mumzinda wa Blantyre. Ndinadzifunsa kuti alendo onga mphwawo wa achimwene aja, amene amagona pabalaza n'kudzuka mbandakucha kukasaka ganyu, amalembedwa kuti, kuno kapena kumudzi?

Ndabwerako dzuwa litalowa, maondo akunjenjemera. Ndapeza amayi akundidikira pakhomo ndi kope lija. Ati ndisalitaye, mkazi wa mnyamata wa ku Rumphi uja ngwodwala pakati, mwezi wamawa tiwonjezera mutu wina.