Mukaika vidiyo ya wophunzira pambali pa ya katswiri, muziyang'ana chani?

Diso lathuli silikwanitsa kutsatira chinthu chothamanga. Munthu akamaponya mpira, kuchokera pomwe phazi laponda pansi mpaka mpira kuchoka m'dzanja sipadutsa ndi sekondi yomwe, ndiye ukaima pambali nkumauza wophunzira kuti "ukuponya molakwika" nthawi zambiri umakhala waona komwe mpira wagwera basi, zomwe thupi lachita sunazione. Nchifukwa chake ine ndimalimbikitsa kwambiri zojambula anthu awiri, wina wongoyamba kumene wina katswiri, akuchita chinthu chimodzimodzi, kenako nkuonera mavidiyo awiriwo limodzi pang'onopang'ono.

Zipangizo sizovuta. Foni wamba imajambula zithunzi 30 pa sekondi koma zambiri masiku ano zili ndi slow motion (kujambula koti vidiyo izioneka ikuyenda pang'onopang'ono) ya zithunzi 120 kapena 240 pa sekondi, gwiritsani ntchito imeneyo. Foni ikhazikike pamalo amodzi, osaigwira m'manja ayi, ikhale cham'mbali mwa munthuyo, mtunda womwewo kwa onse awiri. Pa kompyuta pali pulogalamu yaulere ya Kinovea yomwe imaika mavidiyo awiri pambali pa inzake, mumangowafananitsa kuti mpira uchoke m'dzanja nthawi imodzi nkumabwerera m'mbuyo chithunzi chimodzi chimodzi.

Zomwe zimaoneka pamenepo zimadabwitsa. Katswiri amaponda kutsogolo ndi phazi la mbali ina, ngati akuponya ndi dzanja lamanja phazi lamanzere ndi lomwe limatsogola, chiuno chimayamba kutembenuka mkono udakali m'mbuyo, kenako chifuwa, kenako phewa, chigongono, dzanja lenilenilo limabwera pomaliza ngati nsonga ya chikwapu. Wongoyamba kumene amaponda ndi phazi la mbali yomweyo kapena osaponda nkomwe, chiuno ndi mapewa zimatembenukira limodzi, khosi gwaa, ndipo mpira amachita kukankha ndi chigongono. Ukamuona ndi maso umangoti alibe mphamvu, pomwe mphamvu ali nazo, kungoti ziwalo zonse zikunyamukira pamodzi m'malo mopatsirana.

Koma pali pomwe ambiri amasochera, ndipo apa ndipomwe pandikhudza. Amaimitsa vidiyo ya katswiri, nkujambula mizere, nkumauza wophunzira kuti chigongono chako chipindike chonchi ndendende. Nikolai Bernstein, wasayansi wa ku Russia, anafufuza zimenezi m'zaka za m'ma 1920 ku Moscow, ankamangirira timababu pa mkono ndi pa hamala ya anthu ozolowera kumenya chitsulo nkumawajambula. Anapeza kuti ngakhale mmisiri wodziwa ntchito sabwereza kayendedwe ka phewa ndi chigongono mofanana, kumenya kulikonse mkono umayenda mosiyanako, koma hamala imakafikabe pomwe iye akufuna. Ndiye ngati katswiri mwini wake sapanga zofanana kawiri, inu mukufuna wophunzira akope chithunzi chiti? Bernstein yemweyo ndi amene anafotokoza kuti munthu akamaphunzira chinthu chatsopano amayamba waumitsa mfundo zina za thupi kuti zochita zichepe, nkumazimasula pang'onopang'ono akamazolowera. Kuuma kuja sikupusa ayi, thupi likudzithandiza, ndipo wophunzira akuyenera kumva zimenezo chifukwa ambiri akadziona pa vidiyo pambali pa katswiri amagwa ulesi.

Choncho jambulani maulendo angapo kwa aliyense, osati kamodzi. Mukatero mumayamba kuona zomwe katswiri sasintha, monga ndondomeko ya chiuno kaye dzanja pambuyo, ndi zomwe amasinthasintha popanda vuto. Zosasinthazo ndizomwe mukaphunzitse, zinazo ndi kapangidwe kake ka thupi, kutalika kwa mikono yake, zisiyeni. Muyang'anenso mutu. Joan Vickers wa ku Canada mu 1996 anaonetsa kuti akatswiri a basketball akamaponya free throw (kuponya ataima malo amodzi popanda womutchinga) maso awo amakhala pa ring, mkombero wolowetsamo mpira uja, nthawi yotalikirapo asanayambe kuponya. Foni singakuuzeni pomwe diso likuyang'ana koma mutu wogwedezeka umaoneka bwinobwino, ndipo wa ongoyamba kumene umayendayenda zedi.

Pomuonetsa wophunzira musamukhuthulire zonse. Vidiyo ya slow motion imaulula zolakwika khumi nthawi imodzi ndipo mtima umafuna uzitchule zonse, koma munthu amene akuganizirabe kuti phazi liti litsogole sanganyamule zonsezo. Sankhani chimodzi, makamaka chomwe chimachitika koyambirira chifukwa kukonza phazi nthawi zambiri kumakonzanso chiuno. Ndibwinonso kumufunsa kaye kuti iweyo ukuona kusiyana pati, amatha kuloza yekha, ndipo chomwe waloza yekha sachiiwala msanga.

Chinanso, asamathamangire ku foni akangoponya kamodzi. Ofufuza za kaphunziridwe ka luso la thupi anaona kalekale kuti munthu akamauzidwa zotsatira pa kuyesa kulikonse amayamba kudalira zimenezo, tsiku lomwe palibe womuuza amasokonezeka. Aponye kangapo, anene yekha mmene wamvera m'thupi, ndiye muonere limodzi. Vidiyo yoyambayo isungeni, pakapita milungu ingapo mujambulenso pamalo omwewo foni ili mbali yomweyo, ulendo uno muike iyeyo wakale pambali pa iyeyo watsopano.