Ndinatchinga Mtengo

Inu amene mukugawana kavidiyo kaja pa WhatsApp, imvani kaye mbali yanga. Wojambulayo anayambira pakati.

Mukudziwa kuti chiyambire 2013 sindinachire. Ndinadzuka 3 koloko m'bandakucha kuonera timu yanga ya basketball, San Antonio Spurs, ikusewera ndi Miami Heat ku Miami, gemu yachisanu ndi chimodzi ya NBA Finals, ndime yomaliza ya ligi ya ku America. Kutatsala masekondi 28 tinali patsogolo ndi mapointi 5, ogwira ntchito atatulutsa kale zingwe zachikasu zokonzekera mwambo wa chikho. Kochi wathu Popovich n'kukhazika katswiri wathu Tim Duncan pabenchi. Mpata utatsika kufika pa mapointi 3, LeBron James wa Heat kuponya, mpira kukana, mnzake Chris Bosh kuuwakha m'mwamba, kupatsira Ray Allen pakona, iye n'kugoletsa ya mapointi 3, basi 95-95. Chikho chinayamba kutipulumuka pa rebound imodzi imeneyo, kuwakha mpira umene wakana kulowa.

Ndiye Loweruka nditapeza anyamata akusewera pabwalo la kwathu kuno, aliyense maso ali pampira, mtima unandipweteka. Ndinawauza kuti, "Achimwene, kugoletsa aliyense amatha. Mdani akaponya, musayambe mwathamangira mpira. Pezani munthu wanu, mumupatse msana, mumukankhe ndi matako. Box out imeneyo." Iwo anati, "Ankolo, tationetsani."

Ndinalowa ndi thalauza la kuofesi.

Mpira utangouluka ndinanyonyomala ngati ndakhalira mpando wosaoneka, manja tambalale, n'kuyamba kubwerera cham'mbuyo mpaka ndinamugunda munthu wanga. Koma ameneyu anali wolimba! Ndikakankha, osasuntha. Ndikawonjezera mphamvu, ali nji. Thukuta kamukamu, mano gwa, mumtima ndikuti mwana ameneyu amadya nsima ya mgaiwa katatu patsiku. Ndinafika pomuyankhula: "Lero sudutsa, mphwanga." Iye osayankha. Ndinamulemekeza.

Unali mtengo wa basiketi.

Mnyamata amene ndimayenera kumutchinga anali atandilambalala kalekale. Anatola mpira, n'kuima kaye kundionerera, kenako kugoletsa mosapupuluma. Mpirawo unatsika mu neti n'kutera pa dazi langa, phaa! Pamenepo thalauza nalo linati phwee, kuyambira palamba mpaka kumene sindingatchule pagulu.

Sekani, koma onereraninso kavidiyoko bwinobwino. Miyendo ili m'malo mwake, msana uli tsonga. Ndipo mtengowo sunatole rebound ngakhale imodzi. Bosh akanakumana ndi ine usiku uja, bwenzi tikukamba zina.

Kunyumba ndinapita nditamanga juzi m'chiuno. Atelala akuti ndikatenge Lachitatu.