Ndege yokhalira mchira: zomwe ndaphunzira sabata ino

Ndinayamba sabata ino ndikufuna kumvetsa madroni ankhondo (ndege zopanda woyendetsa mkati) onyamuka choimirira pa sitima zapamadzi, koma nkhani yomwe yandigwira mtima ndi ya mu 1954.

Chaka chimenecho asilikali apamadzi a ku America anayesa ndege yotchedwa Convair XFY-1 Pogo. Inkaima mchira pansi, mphuno kumwamba, n'kunyamuka chomwecho. Cholinga chinali choti ngakhale sitima yopanda bwalo la ndege ikhale ndi ndege yoiteteza. Kuuluka inaulukadi. Vuto linali potera: woyendetsa ankatsika chambuyo, ali chagada pampando, khosi litapotokera pansi kuti aone pofikira. Izitu zinali pamtunda, pamalo osagwedera. Nanga pa sitima yomwe ikuvina ndi mafunde? Ntchitoyo sinapite patali.

Ndinawerenga kawiri ndisanazindikire kuti cholepheretsa chachikulu chinali thupi la munthu. Kompyuta ilibe khosi, ndipo chizungulire sichiigwira. N'chifukwa chake maganizo akalewa abwereranso. Droni ya V-BAT ya kampani ya Shield AI imakhalira mchira ngati Pogo, ndipo imatera pa sitima zing'onozing'ono, ngakhale ntchito yake yaikulu ndi kuzonda. Mu 2025 kampani yomweyo inaonetsa X-BAT, ya injini ya jeti, yomwe akuti idzanyamula zida.

Apa mpomwe ndinayamba kusamala, chifukwa masamu sanama. Kuti ndege inyamuke choimirira, injini iyenera kukankha ndi mphamvu yoposa kulemera kwa ndege yonse, mafuta ndi mabomba omwe. Onani ndege yankhondo ya ku America ya F-35B: malo omwe inzake ya F-35C imasungamo mafuta, mu F-35B anaikamo chikupizo chothandizira kutera choimirira, choncho sifika kutali ngati inzakeyo. Moto wa injini ya F-35B ndi woopsa moti sitima yonyamula ndege ya ku Britain ya HMS Queen Elizabeth anaipaka zoteteza kutentha pamwamba. Kuchotsa woyendetsa kumapepusa ndege, inde, koma motowo ulipobe.

Ndikukhulupirira kuti madroniwa adzasintha zinthu, chifukwa dziko lopanda ndalama zomangira sitima yaikulu yonyamula ndege lidzatha kuulutsa zida kuchokera pa sitima wamba. Chomwe chikundisowetsa tulo n'china. Pankhondo adani amasokoneza GPS ndi mawailesi, ndiye madroniwa akuwapanga kuti azitha kuyenda okha kulumikizana kukaduka. Droni ikafika pomwe pali anthu, ili yokha, wolamula kuti iwombe adzakhala ndani? Funso limeneli ndalilemba pamwamba pa tsamba la sabata yamawa.