Bizinesi yojambula bata la m'laibulale ku Zomba

Ntchito yathu ndi kujambula mafilimu afupiafupi, a mphindi zitatu mpaka zisanu, oonetsa moyo wa m'malaibulale. Makasitomala athu ambiri ndi masukulu ndi mabungwe ofuna kuonetsa owathandiza kuti mabuku akuwerengedwadi. Zomba imaiyenera ntchitoyi: ophunzira ndi ambiri chifukwa cha yunivesite, ndipo chisamukireni likulu ku Lilongwe mu 1975, tauniyi ilibe piringupiringu wa ku Blantyre.

Chimene chimavuta kwambiri ndi mawu. Khutu limati m'chipinda muli zii, koma maikolofoni imatola zonse: njinga yamoto ya kabaza pamsewu, fani yakudenga, mpando wokwekwesa simenti. Tisanayambe timapempha onse akhale chete, n'kujambula kamvekedwe ka chipindacho kwa mphindi imodzi yathunthu. Pokonza filimu, mawu amenewa timawayala pansi pa zithunzi zonse, apo ayi paliponse pomwe tadula pamamveka. Kutembenuza tsamba, mapazi, chidindo chomenyedwa pa desiki, izi timajambula pazokha, maikolofoni ili masentimita 30 kuchokera pamalopo. Kuyambira Disembala mpaka Malichi, laibulale ya malata yopanda siling'i musaiyerekeze n'komwe masana kukachita mitambo, chifukwa mvula ikagwa imamiza chilichonse.

Magetsi a kuno ndi a 50Hz (amasinthasintha ka 50 pa sekondi), choncho kamera ikhale pa 25fps (zithunzi 25 pa sekondi), shutter (nthawi yomwe kuwala kumalowa pa chithunzi chilichonse) pa 1/50 ya sekondi. Mafoni ambiri amadziikira okha 30fps, ndiye pansi pa mababu aatali aja chithunzi chimaphethira, mizere n'kumayenda. Ife timakonda kuzimitsa mababuwo n'kudalira zenera. Masiku a chiperoni, mu Juni ndi Julayi, ndiwo abwino koposa: kuwala kumalowa kofewa, pankhope sipagwa mithunzi yakuda. Mabatire timanyamula atatu odzadza, poti magetsi akhoza kuthima nthawi iliyonse.

Kamera isachoke pa tripod (choikapo kamera cha miyendo itatu), ndipo chithunzi chilichonse chikhale masekondi 8 mpaka 10. Kuyendetsayendetsa kamera kumathamangitsa bata lomwe mwabwera kudzajambula.

Chilolezo chimayamba ndi kalata kwa woyang'anira laibulale, sabata imodzi tsiku lojambula lisanafike. Wamkulu amasayinira yekha, mwana amasayiniridwa ndi kholo. Amene sakufuna kuoneka nkhope timamupempha tijambule manja okha, chala chikutsata mzere m'buku. Akakananso, timasuntha kamera.