Misomali isanu ndi iwiri mu mpando wa ku Vienna

Lachinayi usiku. Misomali ija ndaiwerenga kawiri poizula, ndipo mpaka pano mtima sunakhale m'malo. Masanawa mayi wina anabwera ndi mpando pa kabaza: wakuda, wopepuka moti umanyamulika ndi dzanja limodzi, kotsamira kwake kokhota ngati mkombero wa lichero. Akuti unali wa agogo awo ndipo ukugwedera.

"Bambo, mungomenyapo misomali ina iwiri, ndiutenge lero lomwe."

"Mayi, yaupha mpandowu ndi misomaliyo. Taonani apa."

Ndinawaonetsa mwendo wakumbuyo pomwe msomali wa mainchesi atatu unalowa n'kung'amba mtengo motsata mitsempha yake. Iwo anangoti ana awo akuwauza kuti autaye, agule zamakono. Mawu akuti zamakonowo ndi amene akundisowetsa tulo, chifukwa mipando yamakono inayambira pa mpando wa mtundu womwewu.

Anaupanga ndi Michael Thonet, kalipentala wa ku Boppard m'dziko la Germany, yemwe anasamukira ku Vienna m'dziko la Austria mu 1842. Unatuluka mu 1859 ndipo ankangoutchula kuti Nambala 14. Nthawi imeneyo mipando ya m'nyumba za anthu olemera ku Ulaya inali yosemasema, yolemera ngati mtondo, mmisiri mmodzi n'kuthera masiku ambiri pa umodzi. Wa Thonet uli ndi zidutswa 6 zokha: ndodo imodzi yaitali yomwe ndi miyendo yakumbuyo komanso kotsamira, kandodo kokhota ka mkati mwa kotsamirako, mkombero wokhalapo, miyendo iwiri yakutsogolo, ndi mkombero wam'munsi wogwira miyendo yonse. Zogwirizira ndi masikuluwu 10 ndi manati 2. Akaimasula, mipando 36 inkakwana m'bokosi la mita imodzi mbali zonse, n'kukaimangira komwe yafika. Pofika 1930 inali itagulitsidwa pafupifupi 50 miliyoni. Zogulitsa mipando yosamanga m'makatoni, zomwe ambiri amayesa anayambitsa ndi kampani ya ku Sweden yotchedwa IKEA m'ma 1950, Thonet anazichita zaka pafupifupi 100 m'mbuyo mwake.

Mayiwo sanakhulupirire kuti ndodo yakumbuyoyo ndi mtengo umodzi wosalumikiza. Ndi umodzi ndithu, mtengo wa beech wa m'nkhalango za ku Moravia, dera lomwe lero lili m'dziko la Czech Republic, komwe Thonet anamanga fakitale ku Koryčany mu 1856. Ndodo amaiika m'nthunzi yotentha madigiri 100 mpaka itafewa. Opinda mitengo amawerengera ola limodzi pa inchi iliyonse ya kunenepa kwake. Ikatuluka mulibe nthawi yocheza, mphindi imodzi kapena ziwiri yayamba kale kuuma gwa. Vuto lake ndi ili: mtengo umalola kufinyika, koma sulola kutamuka. Mukaupinda wokha, mbali yakunja kwa khotolo imathetheka. Thonet ankamangirira lamba wachitsulo kumbali yakunjayo, womangidwa zolimba kunsonga zonse ziwiri, kuti kunja kusatamuke, mkati mokha mufinyike. Akatero ndodo imauma ili m'chikombole chachitsulo, ndipo khotolo limakhala mpaka kalekale. Poyamba ankamata timatabwa topyapyala ndi guluu n'kutipinda, koma guluuyo ankamatuka kumayiko achinyontho, n'chifukwa chake anasamukira ku mtengo wathunthu. Amene akufuna kuyesa kuno asayambe ndi paini, amathyoka asanakhote bwino, ndipo mtengo wa mfundo kapena wouma kwambiri nawonso sulola.

Ndikaganiza za Marcel Breuer, katswiri wina wopanga mipando, mtima umandiwawa kwambiri ndi mawu a ana aja. Mu 1925, ali ku sukulu ya zaluso ya Bauhaus ku Dessau m'dziko la Germany, anayang'ana mahandulo a njinga yake n'kupanga mpando wa mapaipi achitsulo opinda. Mu 1928 anapanga wina wopanda miyendo yakumbuyo, pokhalira pake poluka ndi nsambo za chomera chotchedwa rattan ngati pa Nambala 14, ndipo kampani ya Thonet yomweyo ndi imene inadzaupanga mochuluka. Le Corbusier, katswiri wojambula mapulani a nyumba, naye anaika mipando ya Thonet m'nyumba yachitsanzo yomwe anaonetsa ku Paris mu 1925. Mipando ya mapaipi yomwe tikuiona m'maofesi ndi m'maholo lero ndi zidzukulu za mpando womwe akuti utayidwewu.

Kakonzedwe kake si kovuta, kamangofuna kuleza mtima. Mpando wotere ukagwedera ndiye kuti sikuluwu yamasuka, kapena bowo lake lakula. Ngati yangomasuka, imangeni basi. Ngati bowo lakula, liboolereni pang'ono, mulowetsemo kamtengo kolimba kozungulira kopaka guluu, mudikire tsiku lathunthu, kenako muboole kabowo kocheperapo kuposa sikuluwu musanailowetse. Mukadumpha kabowo kameneka mtengo wakale umang'aluka. Guluu asalowe pakati pa chidutswa ndi chinzake, chifukwa mpandowu anaupanga kuti uzimasuka ndi kumangidwanso. Kupatula pa kamtengo kaja, guluu ndi wa pamng'alu pokha: mumukankhire mkati ndi kathabwa kopyapyala, kenako mukulunge ndi mphira ya chubu cha njinga, chifukwa kilampu imatereka pa mtengo wozungulira ndipo imasiya chipsera. Pozula msomali ikani kathabwa pansi pa pulayala.

Chatsala ndi pokhalira. Wina anachotsa rattan n'kukhomapo pulayiwudi, ndipo misomali inayi mwa isanu ndi iwiri ija inali ya pamenepo. Timabowo tolukira tikadalipo kuzungulira mkombero, awiri okha ndiwo aphwanyika. Rattan amamuviika m'madzi ofunda kwa theka la ola, ndipo poluka sakoka kwambiri chifukwa amadzikoka yekha akamauma. Mukakoka mopitirira, nsambo zimaduka pa bowo.

"Nanga kuluka si ndalama zambiri, bambo? Bwanji pulayiwudi yomweyo?"

Ndinawauza mtengo wa zonse ziwiri. Anayang'ana mpandowo nthawi yaitali, akusisita kotsamira pomwe penti inatha ndi manja a anthu, n'kuti akafunsa kaye kunyumba, abwera Loweruka. Mwendo uja ndaukulunga mphira, wagona pa benchi, ndipo pulayiwudiyo sindinaitaye.