Mmene tinasankhira quad yoyamba ya mnyamata wa zaka 16

Mnyamata wanga anali atasankha kale mumtima mwake Yamaha Raptor 700R, ija ankaionera pa YouTube ikudumpha milu ya mchenga. Ndinavomera kumugulira quad, njinga yamoto ya matayala anayi, chifukwa malume ake ali ndi famu cha ku Chongwe, komwe angakwere kutali ndi magalimoto, koma ndinamuuza kuti mtundu wake tisankhira limodzi. Iye anandionetsa chenjezo lomatidwa pa njingayo loti wokwera akhale wa zaka 16 kapena kuposa. "Adadi, zaka zakwana," anatero. Zinakwanadi, koma injini ya 686cc (cc ndi muyeso wa kukula kwa injini) yomwe ili mu Raptor imeneyo anaipangira munthu wodziwa kale kukwera, ndipo iye anali asanagwirepo klatchi chibadwire.

Tinayamba tachotsa za kumapeto onse awiri. Honda TRX90X, ya 86cc, ndi Raptor 110 n'za ana a zaka 10 kupita m'tsogolo, ndipo mnyamata wamtali akakhalapo mawondo amagunda mahandulo pokhota. Raptor 700R ndi YFZ450R tinaziika pambali, ngakhale iye anakwinya nkhope tsiku lonse. Zotsala zinali zapakati, za injini yoyandikira 250cc: Honda TRX250X, Suzuki LT-Z250 ndi Yamaha Raptor 250.

Muno mu Lusaka quad zamasewera sizipezeka pa shelefu. Zambiri n'zogwiritsidwa kale ntchito, zochokera ku South Africa kapena zogulitsa anthu a m'mafamu, ndipo zimalengezedwa pa Facebook. Kumeneko mudzakumana kwambiri ndi Yamaha Blaster, yomwe mtengo wake umakopa. Ine ndinaikana. Injini yake ndi ya 195cc ya mtundu wa two-stroke, womwe umatentha petulo pamodzi ndi oilo, mphamvu yake imabwera modzidzimutsa injini ikakwera mawu, ilibe giya yobwerera m'mbuyo, ndipo amalizira ndi phazi. Ku America anasiya kuigulitsa mu 2006, choncho zambiri zomwe mungapeze zadutsa m'manja ambiri. Eni ake ena anachotsa pampu ya oilo n'kumasakaniza okha ndi petulo, ndipo mwana akaiwala kamodzi injini yapita.

Poyesa msinkhu sindinamvere za ma cc. Ndinamuimiritsa pa zopondera, manja ali pa mahandulo, n'kuona ngati pakati pa mpando ndi thupi lake pakutsala mpata wa masentimita pafupifupi 8. Mpata umenewo ndi wofunika chifukwa wokwera quad amaimirira pa mabampu ndipo amasuntha thupi uku ndi uku. Kenaka anakhala pansi n'kukhotetsa mahandulo mpaka kumapeto mbali zonse, ine ndikuyang'ana ngati chala chachikulu chikadali pa kampini ka moto komanso ngati zala zina zikufika pa buleki osatambasula dzanja lonse.

Pa klatchi ndi pomwe nkhani inagona. LT-Z250 ilibe klatchi ya kumanja, umangosintha magiya ndi phazi. Raptor 250 ili nayo yeniyeni, ndipo wophunzira amazimitsa injini pafupipafupi, nthawi zina ali pakati pa chitunda, komwe n'koopsa. TRX250X, ya 229cc, ili pakati: kampini ka klatchi kalipo ndipo mwana amaphunzirapo, koma akakasiya molakwika injini sizima. Ili ndi magiya 5 ndi yobwerera m'mbuyo, ndipo matayala akumbuyo amayendetsedwa ndi shafti m'malo mwa tcheni. Aliyense wodziwa fumbi la kuno mu September ndi October, kenaka matope a mu January, amvetsa chifukwa chake ndinakondwa kuti kulibe tcheni chotsuka ndi kukunga mlungu uliwonse.

Titapeza TRX250X cha ku Makeni, ndinapita ndi amakanika anga, ndipo ndinapempha mwini wake kuti asailize tisanafike. Amakanika anayamba ndi kugwira injini ndi dzanja kuti atsimikize kuti ndi yozizira. Inalira msanga, yopanda utsi wobiriwira. Kenaka anatsegula bokosi la filita pansi pa mpando, anachotsa siponji ija, n'kulowetsa chala mu paipi yopita ku kabuleta. Chala chinatuluka choyera. Anandiuza kuti chikanatuluka ndi fumbi lofiira, ndiye kuti injini yakhala ikumeza mchenga, ndipo tikanabwerera pomwepo. Anatukula kutsogolo n'kugwedeza tayala lililonse kuti amve ngati mabering'i akusewera, anazungulitsa matayala akumbuyo kuti aone ngati akiselo ndi yopindika, ndipo anagona chagada ndi tochi kufunafuna ming'alu kapena malo owotcherera pa fulemu. Anapeza matayala akutsogolo atatha ndi mabuleki ofuna kusintha, ndipo zimenezo zinatithandiza potsitsa mtengo.

Ndalama sindinapereke ndisanaone mapepala. Ndinafananiza nambala ya pa fulemu ndi ya pa mapepala a ZRA osonyeza kuti njingayo inalowa m'dziko molipira msonkho, ndipo tinalemberana kalata yogulitsana yokhala ndi manambala a ziphaso zathu za NRC tonse awiri ndi mboni. Wogulitsa akayamba kunena kuti mapepala abwera mawa, musiyeni.

Pa ndalama zomwe ndinakonza, gawo lina ndinasungiratu zovala: helemeti yophimba chibwano yomukwana bwino, magalasi a fumbi, magolovesi ndi majombo ofika pa katumba. Helemeti ndinagula yatsopano, chifukwa yakale sudziwa kuti inagwapo kangati. Ndinagulanso koyezera mpweya kakang'ono, popeza matayala a quad amafuna mpweya wochepa kwambiri, pafupifupi 4 kapena 5 psi, ndipo geji ya pa filing'i siteshoni siwerenga bwino pamenepo. Mukapopa ngati a galimoto, njinga imadumphadumpha ngati mpira.

Quad tinaikweza pa vani mpaka ku famu, ndipo mumsewu wa Great East siidzapondamo. Matayala ake akumbuyo ali pa akiselo imodzi ndipo amazungulira mofanana, choncho pa dothi limodzi limaterereka pang'ono pokhota, koma pa phula onse amagwira ndipo njinga imafuna kugubuduzika. Ichi ndicho ndimaopa kuposa china chilichonse, ndipo ndinamufotokozera maso ndi maso. Mpando ndi wautali kuti wokwera azisuntha, osati kuti anyamule mnzake, choncho abale ake sakwera kumbuyo. Malume ake anamuikira zigubu m'munda wokolola kale, ndipo masiku oyamba ankangozungulira zimenezo mu giya yoyamba ndi yachiwiri, akuphunzira kupendekera thupi mkati mwa kona ndi kuima pomwe wauzidwa. Makiyi amasunga malume ake, ndipo amam'patsa akaona kuti watsuka filita n'kuipaka oilo.